Pamene kwacha imodzi inkaposa dola

Akuluakulu akakhala pakhonde madzulo amakonda kukumbutsana kuti kale kwacha imodzi inkaposa dola ya ku America. Achinyamata akamva zotere amaseka, poyesa kuti agogo akungokometsa zakale. Komatu agogowo sanama ai. Kumayambiriro kwa 1971 kwacha imodzi inali yolingana ndi dola imodzi ndi masenti 20. Chimene ndifuna tilingalire lero ndi ichi: kodi mphamvu imeneyo inali ya yani?

Tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. M'nthaŵi ya Chitaganya, kuyambira 1956, ndalama zathu zinkachokera ku Bank of Rhodesia and Nyasaland ku Salisbury. Ena mwa inu mukulikumbukira kobiri loboola pakati lija, lokhala ndi njovu ziŵiri. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, ndipo dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Malaŵi anakhala ndi paundi yakeyake ndi banki yake yaikulu, Reserve Bank of Malawi. Koma paundi yathuyo inali yolingana ndendende ndi ya ku Mangalande. Nkhope ya pa ndalama inali ya Dr. Banda, pamene mtengo wake unkagamulidwa ku London.

Zimenezi zinaoneka poyera pa 18 November 1967, tsiku limene boma la Harold Wilson linatsitsa paundi kuchoka pa madola 2.80 kufika pa 2.40. Maiko onse amene ndalama zao zinamangiriridwa ku paundi anayenera kusankha msanga, kutsatira kapena kukhalira. Zambia, amene ankadalira mkuwa wake, anakhalira. Chimodzimodzinso Rhodesia ndi South Africa. Malaŵi anatsatira. Ine sindiona kuti akanachitanso mwina, pakuti tiyi ndi fodya wathu wambiri ankagulidwa ku Mangalande, chuma chimene banki yaikulu inasunga chinali m'mapaundi, ndiponso boma linkalandirabe thandizo la ndalama kuchokera komweko chaka ndi chaka. Tsono taonani zotsatira zake. Katundu wochokera ku Salisbury ndi ku Johannesburg anakwera mtengo m'masitolo, koma mai amene mwamuna wake anali ku migodi ya Wenela anapeza kuti randi yotumizidwa ija ikubala masheleni ochuluka kuposa kale. Wina analira, wina anasekera, pa chigamulo chimene onse aŵiriwo sanafunsidwe.

Kwacha inabadwa pa 15 February 1971, tsiku lomwelo limene a ku Mangalande nawo anasiya kuŵerenga masheleni. Maina ake anali athu, a m'nyengo yomenyera ufulu: kwacha, ndi tambala wolengeza m'bandakucha. Masamu ake okha ndiwo anali obwereka. Makwacha aŵiri anapanga paundi imodzi, sheleni inasanduka matambala 10, susu matambala 5. Kwacha inali theka la paundi, ndipo popeza paundi inali madola 2.40, theka lake linali 1.20. Mphamvu imene agogo amainena ija ndi imeneyi basi.

Paundi itayamba kugwedezeka, Malaŵi anaisiya mu November 1973 namangirira kwacha ku paundi ndi dola pamodzi. Mu 1975 anaimangiriranso ku muyeso wa bungwe la IMF wotchedwa SDR, ndipo mu 1984 ku gulu la ndalama za maiko asanu ndi aŵiri. Kusinthasintha chomangirapo kotereku sikunathe kubisa vuto lenileni. Mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, kotero kuti feteleza ndi fodya zinayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban. Dziko linkalipira zambiri kuti ligulitse zomwezo. Kuyambira 1982 kwacha inachepetsedwa mphamvu kambirimbiri.

Mu February 1994 boma linaimasula kuti msika ndiwo uziipatsa mtengo. Dola imene inkagulidwa ndi makwacha osakwana 5 kumayambiriro kwa chakacho inafika pa makwacha 15 chisanathe. Pambuyo pake panali kuyesanso kuigwira ndi lamulo, makamaka m'zaka zomaliza za Bingu wa Mutharika. Mtengo wa ku banki unaima ndithu, koma madola anasoŵa m'mabankimo nakapezeka mumsewu pa mtengo wina, ndipo mu 2011 anthu ankagona m'magalimoto podikira mafuta. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linalola kuti dola ichoke pa makwacha 168 kufika pa 250. Mu November 2023 inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700.

Ndalama za pepala nazo zinakula motsatira: K500 mu 2001, K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Tambala akulembedwabe m'mabuku a ku banki, koma pamsika palibenso chimene amagula, ndipo ana ambiri amene ali ku sukulu lero sanaligwirepo m'manja kobiri la tambala imodzi.