Chipulula cha COSAFA chinafika ku Chiwembe, nanga ku Phalombe chidzafika liti?

Mu Ogasiti 2024 bwalo la Mpira ku Chiwembe, mu Limbe, linalandira matimu asanu ndi atatu a mpira wamiyendo wa amayi ochokera m'maiko a kummwera kwa Africa. Onse ankalimbirana malo amodzi okha mu mpikisano wa CAF Women's Champions League. Kwa munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa, masewerowa anali pamtunda woti n'kukwera minibasi m'mawa, kudzera ku Chiradzulu, n'kukaonera mpira masana a tsiku lomwelo. Kufikira chaka chimenecho, masewero achipululawa ankachitikira ku Durban, ndipo ife tinkangowamvera pa wailesi.

Mpikisanowu ndi waposachedwa. Matimu a abambo anayamba kulimbirana chikho cha Africa mu 1964, koma a amayi anadikira zaka 57. Bungwe la CAF linavomereza zokhazikitsa mpikisano wa amayi mu Juni 2020, pamkumano womwewo umene linathetsa chikho cha maiko cha amayi cha chaka chimenecho kaamba ka Covid-19. Ambiri anadandaula ndi kuthetsedwa kwa chikhocho, moti nkhani ya mpikisano watsopano anaiona ngati yongowapepesera. Koma mu 2021 mpira unagubuduzika ndithu.

Dongosolo lake ndi lakuti ndime yaikulu imakhala ndi matimu asanu ndi atatu okha. Africa inagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chigawo chilichonse chimachititsa masewero ake achipulula n'kutulutsa timu imodzi. Malo awiri otsalawo kawirikawiri amapita kwa timu ya dziko lolandira alendo ndi timu yoteteza chikho. Malawi ali m'chigawo cha COSAFA, limodzi ndi South Africa, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi ena. Khomo lake ndi lopapatiza zedi. Timu ikhoza kusewera bwino sabata yonse, n'kuphonya penate imodzi tsiku lomaliza, basi ulendo wathera pomwepo.

Chaka choyamba chinali cha Mamelodi Sundowns. Timu ya ku South Africayi inagonjetsa Black Rhinos Queens ya ku Zimbabwe 3-0 mu ndime yotsiriza ku Durban, kenaka mu Novembala 2021 inakatenga chikho cha Africa ku Cairo itathambitsa Hasaacas Ladies ya ku Ghana 2-0. Timu ya ku Malawi kunalibe. Mu 2022 aneba athu a Green Buffaloes, timu ya asilikali ya ku Lusaka, anachita zomwe ambiri ankati n'zosatheka. Analepherana ndi Sundowns osagoletsana, n'kupambana pamapenate. Chaka chimenechonso ife tinali oonerera.

Chifukwa chake sichinali kusowa osewera. Panthawiyo Tabitha Chawinga anali atadziwika kale ku Sweden ndi ku China, ndipo mng'ono wake Temwa ankagoletsa zigoli ku Wuhan. Chomwe chinkasowa ndi makalabu okonzeka. Mpira wa amayi kuno unkaseweredwa m'maligi a zigawo, kummwera, pakati ndi kumpoto, matimu ambiri akudalira thumba la munthu mmodzi. Pomwe CAF imafuna timu yomwe ndi katswiri wa dziko lonse, yokhala ndi chiphaso, mphunzitsi wa mapepala oyenera ndi osewera olembetsedwa. Kukhala ndi mtsikana wothamanga ngati Temwa n'kwina, kukhala ndi ofesi yoti ilembe makalata n'kupezera atsikana makumi awiri mapasipoti n'kwinanso.

Timu yoyamba kuimira Malawi inali Ntopwa ya ku Bangwe, ya Isaac Jomo Osman, mu 2023. Inapita ku Durban n'kukathera mu ndime yamagulu, ndipo malo a chigawo anabwerera kwa Sundowns, yomwe inagonjetsa Double Action ya ku Botswana 2-0, n'kukatenganso chikho cha Africa ku Ivory Coast. Chomwe ndimachiona chachikulu pa ulendo wa Ntopwa ndi komwe timuyi inachokera. Si timu ya banki, ya asilikali kapena ya kampani yaikulu. Inakulira m'dera la anthu wamba, ndipo inatsegula khomo matimu a mayina aakulu asanafikepo.

Chaka chomwecho chinali cha misozi ndi chimwemwe. Mu Malichi namondwe wa Freddy anasakaza Phalombe, madzi ndi miyala zikutsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi, madera ngati a kwa Nkhulambe akusanduka osafikika, masukulu akusanduka misasa. Masewero a atsikana a kumudzi amadalira bwalo la sukulu ndi mphunzitsi wodzipereka, choncho sukulu ikadzaza anthu othawa madzi, mpira umaima. Patangopita miyezi isanu ndi iwiri, mu Okutobala, timu ya dziko ya Scorchers, pansi pa mphunzitsi Lovemore Fazili, inagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA koyamba, Temwa atamwetsa zigoli 9 mu mpikisanowo.

Kenaka kunabwera Chiwembe. Malawi inaimiridwa ndi Ascent Soccer ya ku Lilongwe, timu ya atsikana achichepere ophunzitsidwa mpira pamodzi ndi sukulu. Nayonso sinadutse ndime yamagulu. Ndime yotsiriza inali pakati pa University of the Western Cape ndi Gaborone United, zomwe zinalepherana 1-1, ndipo ophunzira a ku Cape Town anapambana 9-8 pamapenate. Mu 2025 masewerowa anabwerera ku South Africa, ku Johannesburg, Ntopwa n'kuimiranso Malawi. Ulendo uno Gaborone United inamaliza ntchito yomwe inaikanika ku Limbe, itagonjetsa ZESCO Ndola Girls, pamapenatenso. Ndiye kuti m'zaka zisanu zoyambirira chigawo chino chinatulutsa akatswiri ochokera m'maiko atatu, ndipo timu ya ku Malawi sinafikepo mu ndime yotsiriza.

M'gulu la Ascent ku Chiwembe munali timu ina yomwe anthu sanaikambe kwambiri, UD Lichinga. Lichinga ndi likulu la chigawo cha Niassa, kumpoto kwa Mozambique, kutali kwambiri ndi Maputo komwe kuli ndalama ndi matimu otchuka ngati Costa do Sol. Komabe atsikana a kumeneko anatenga ukatswiri wa dziko lawo n'kubwera kudzaimirira pamzere umodzi ndi matimu a m'malikulu. Anthu a m'maboma a m'malire ngati Phalombe amayenera kuiyang'anitsitsa timu imeneyi kuposa Sundowns.

Kwathu kuno zinthu zasinthako, ndipo chipululachi chathandizapo. Malamulo a ziphaso a CAF amafuna kuti kalabu ya abambo yolowa mipikisano ya Africa ikhale ndi timu ya amayi, ndipo lero Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers onse ali nawo. Mu 2025 bungwe la FAM, motsogozedwa ndi Fleetwood Haiya, linayambitsa ligi ya dziko lonse ya amayi ya matimu 10 mothandizidwa ndi National Bank of Malawi. Mu Okutobala chaka chomwecho Scorchers inagonjetsa Angola 2-0 pa bwalo la Bingu n'kudzigulira malo mu chikho cha maiko a Africa koyamba. Zigoli zonse ziwiri anagoletsa Faith Chinzimu, wophunzira mpira ku Ascent, yemwe panthawiyo n'kuti atapita kale ku BK Häcken ya ku Sweden. Mnzake Rose Kabzere anapita ku Montpellier ku France. Apa pali chinthu chowawitsa mutu: mtsikana akangowala amanyamuka, zomwe n'zabwino kwa iye ndi banja lake, koma kalabu yomulera imapita ku chipulula chotsatira ilibe womenya zigoli.

Tsono tayang'anani mapu a ligi yatsopanoyo. M'chaka chake choyamba, matimu a chigawo chakummwera anali Ntopwa, Bullets ndi Wanderers, onse a mu Blantyre. Mtsikana wa kwa Mkhumba, kwa Nazombe kapena kwa Jenala yemwe ali ndi mwendo wa mpira ayenera kusamukira mumzinda, kwa achibale kapena kwa mwini timu, ndipo makolo ambiri salola zimenezo kwa mwana wamkazi wa fomu 2. Sindingawaimbe mlandu. Kumudzi nako, mabonanza ambiri omwe andale ndi mabungwe amachititsa amagawidwa mwachizolowezi: mpira wamiyendo wa anyamata, ntchemberembaye wa atsikana. Timu ya dziko ya ntchemberembaye, Malawi Queens, inatipatsa ulemu waukulu ndipo palibe angainyoze, koma chizolowezi chimenechi chimasankhira mtsikana masewero asanayese n'komwe kuponda mpira.

Kuti timu ya ku Phalombe idzafike pa chipulula cha COSAFA iyenera kulembetsa mu ligi ya chigawo, kupeza ndalama ya galimoto yopita ku Blantyre ndi maboma ena sabata ndi sabata, kukwera kulowa m'gulu la matimu 10 aja, kenaka n'kuwaposa onse, kuphatikizapo a banki ndi a asilikali. Pa zonsezi chodula kwambiri poyambira si nsapato kapena yunifomu ayi, koma mafuta a galimoto ndi munthu wamkulu woti makolo amukhulupirire kuti ana awo apita ndipo abwerako tsiku lomwelo.