Notre-Dame: Kunja Monga Kale, Mkati Mwatsopano

Madzulo a pa 15 Epulo 2019, Lolemba la Sabata Loyera, anthu a ku Paris anaima m'mbali mwa mtsinje wa Seine, manja ali kunkhongo, akuona denga la tchalitchi cha Notre-Dame likulilima moto. Nsanja yosongoka ya mamita 96 inapendekeka n'kugwera mkati, n'kuboola denga lamiyala. Ozimitsa moto ndi ena anatulutsa chisoti chaminga chimene Akatolika amachilemekeza kuti n'cha Yesu, koma mitanda ya denga, imene inali yochuluka mpaka ankaitcha nkhalango, inapsa yonse.

Tchalitchichi anachiyamba mu 1163, m'nthawi ya Episkopi Maurice de Sully, ndipo ntchito inatenga zaka pafupifupi 200. Mu 1793, pa chipwirikiti choukira ufumu, anthu anadula mitu ya zosema za mafumu a Yuda poganiza kuti ndi mafumu a France. Buku la Victor Hugo la mu 1831 ndilo linadzutsa anthu kuti aone mmene nyumbayi inaonongekera, ndipo kuyambira m'ma 1840 Eugène Viollet-le-Duc anaikonza kwa zaka pafupifupi 20. Nsanja imene anthu anailira mu 2019 inali yake iyeyo, ya mu 1859. Chimene ambiri ankachiyesa chamakedzana chinali chadzulodzulo.

Pulezidenti Emmanuel Macron analonjeza kuti nyumbayi imangidwanso m'zaka zisanu, ndipo ambiri anapukusa mutu. Panamvekanso zoti amange nsanja yamakono, koma mu 2020 boma, lomwe ndi mwini nyumbayi mwa lamulo, linagamula kuti ibwerere monga inalili. Zopereka zinapitirira mayuro 840 miliyoni. Akalipentala anasema mitengo ya oki ndi nkhwangwa, ngati mmene makolo awo ankachitira, ndipo mapaipi pafupifupi 8,000 a limba lalikulu anawatsitsa n'kuwatsuka fumbi la mtovu umene unasungunuka padenga.

Mkati nkhani inali ina, poti kumeneko ndi kwa Mpingo. Chichokereni msonkhano waukulu wa Vatican II, wansembe pa Misa amayang'ana anthu, choncho guwa la nsembe limakhala pakati pomwe aliyense aliona. Guwa la mu 1989 linaphwanyika miyala itagwa. Latsopano analipanga Guillaume Bardet, lamkuwa, lopanda zokongoletsa, pamodzi ndi pobatizira, powerengera mawu ndi mpando wa episkopi. Ena amati n'lowuma, likuoneka ngati mbale. Ine ndiona kuti m'nyumba imene khoma lililonse lili ndi cholankhula, guwa lofatsa silinalakwe.

Pa 7 Disembala 2024 Arkiepiskopi Laurent Ulrich anagogoda chitseko ndi ndodo yake ya ubusa, chitseko n'kutseguka. M'mawa mwake anadalitsa guwa pa Misa yoyamba.

Mkangano umene unatsala ndi wa magalasi. Boma pamodzi ndi Mpingo linasankha Claire Tabouret kuti ajambule magalasi atsopano a mawindo asanu ndi limodzi akummwera, oonetsa Pentekoste. Koma magalasi a Viollet-le-Duc amene anali pamenepo sanapse, ndipo osunga zakale anafunsa kuti n'kuchotseranji chinthu chimene ngakhale moto unachisiya. Funso n'lomveka. Komabe Viollet-le-Duc mwiniyo anaikamo zake zambiri zimene omanga oyamba sanazilote n'komwe.