Mbiri ya Kaiti Yokoka Munthu pa Madzi

M'mwezi wa August, pamene cimanga ciri m'nkhokwe ndipo chire lapsya ndi lupsya, mphepo ya kum'mawa imaomba ndi mphamvu m'dera la Chongwe, niutsa pfumbi m'mbali mwa mseu wa Great East Road. Ndiyo nyengo imene anyamata a m'midzi ya Asoli ndi a pa boma amafuna-funa bango, mapepala a pulasitiki ndi ulusi wosolola ku matumba a ufa kuti amange kaiti. Mnyamata wocenjera amayamba wapenya mitengo m'mene ikugwedezekera. Mphepo ikakhala ya yazi-yazi amamanga kaiti yotambalala ndi yopepuka; ikakhala yaukali amamanga yaing'ono, naiika mcira wautali, pakuti adziwa kuti yaikulu idzadula ulusi kapena kumceka zala. Palibe anamphunzitsa zimenezi m'sukulu. Koma nzeru yomweyi inatengera akulu-akulu a maiko a kutali zaka zoposa 150 kuti aigwire bwino, ndipo ena anataya moyo asanaigwire.

Akulu-akuluwo anafuna kaiti yoti ikoke munthu. Lero lino pali masewera amene Angelezi amawacha kitesurfing: munthu amaimirira pa kathabwa pamwamba pa madzi, atabvala lamba m'cuuno, ndipo kaiti yaikulu youluka pa zingwe za mamita 20 kufikira 24 imamkoka, iye natsetsereka pa mafunde. M'manja amagwira ndodo imene amaongolera nayo kaitiyo. Funso loyamba la munthu ali yense wofuna kuphunzira ndi lakuti, agule kaiti yotani, yaikulu bwanji? Yankho lace silimveka bwino kwa munthu wosadziwa njira imene kaitiyi inadzera.

Anthu a ku China anali kuulutsa makaiti a nsungwi ndi silika zaka zoposa 2,000 zapitazo. Omvera wailesi nawonso ali ndi mangawa kwa kaiti: pa 12 December 1901, ku St John's m'dziko la Newfoundland, Guglielmo Marconi anakweza waya wace m'mwamba ndi kaiti pamene anamva kwa nthawi yoyamba cizindikiro ca wailesi cocokera ku Poldhu, kutsidya lija la nyanja ya Atlantic. Kaiti yoyamba imene anakweza tsikulo inathawa ndi mphepo.

Koma amene anayamba kukoketsa anthu ndi kaiti mwa dongosolo anali mphunzitsi wa ku Bristol, ku England, dzina lace George Pocock. Bamboyu anali wolimba mtima kopitirira muyeso, cifukwa m'caka ca 1824 anakhazika mwana wace wamkazi, Martha, pa mpando womangirira ku kaiti yotalika mamita 9, namkweza m'mwamba mamita oposa 80. Mwanayo anatsika wamoyo, nakula, nabala W. G. Grace, katswiri wochuka wa masewera a cricket. M'caka ca 1826 Pocock analembetsa ku boma ngolo yace yokokedwa ndi makaiti awiri, imene anaicha Charvolant. Ngoloyo inali kuthamanga makilomita ngati 30 pa ora, ndipo popeza msonkho wa m'miseu ya ku England unali kuwerengedwa pa akavalo, iye anali kupita pa zipata osalipira kanthu. Cimene ciri cofunika pa nchito ya Pocock si liwiro ai, koma zingwe zace. Iye anaona kuti kaiti ya cingwe cimodzi ndi mfumu, imapita kumene mphepo yafuna. Tsono anaika zingwe zinai, kuti azitha kuipendeketsa ku dzanja lamanja kapena lamanzere, ndi kuigoneka kuti mphepo ipite pansi pace mosakoka. Anthu anaseka, njanji zinabwera, ndipo nzeru ya zingwe zinai inaiwalika.

M'caka ca 1903 Samuel Cody, munthu wa ku America wokhala ku England, anaoloka nyanja ya pakati pa France ndi England m'kabwato kokokedwa ndi kaiti. Koma maso a dziko lonse anali atatembenukira kwa ndege, ndipo Cody mwini wace ndiye anayamba kuulutsa ndege ku Britain m'caka ca 1908. Kaiti inabwerera m'manja mwa ana.

Panali cifukwa comveka. Woyendetsa combo ca thanga, monga zombo zija za Jumbe zimene zinali kuoloka nyanja ya Malawi kucokera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, akaona mwera ukukula amatsitsa thanga lace kapena kulipinda. Ndipo mwera si mphepo yoseweretsa: pa 30 July 1946 unamiza sitima ya Vipya, imene inali ya injini, ndipo anthu 145 anafa. Mwini kaiti analibe mwai wotsitsa thanga. Thanga lace liri m'mwamba, kutali ndi manja ace; likagwa m'madzi limamira, likakhala m'mwamba limakoka monga lifunira. Mabvuto awiri amenewa, kumira ndi kukoka kosaleka, ndiwo mbiri yonse yotsala.

Bvuto la kumira linatha ndi anyamata awiri a pa cibale a ku Brittany, ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux. Iwo anasoka m'mphepete mwa kutsogolo kwa kaiti cubu copopa, conga ca m'tayala la njinga koma cacikulu, cimene cimaumitsa kaiti ndi kuiyandamitsa, kotero kuti ikagwa pa madzi munthu akhoza kuidzutsanso pokoka cingwe. Analembetsa nzeru yao m'mwezi wa November 1984, koma anakhala zaka zoposa khumi osapeza wogula, kufikira 1997 pamene makaiti ao anayamba kugulitsidwa ndi dzina la Wipika. Pa nthawi yomweyo ku America, Bill Roeseler, mmisiri wa ndege ku kampani ya Boeing, ndi mwana wace Cory anali kuyesa njira yao-yao pa mtsinje wa Columbia. Mpikisano woyamba unacitika pa cisumbu ca Maui, ku Hawaii, m'caka ca 1998, ndipo masewerawa anafalikira pa magombe a dziko lonse ngati moto wa m'dambo louma.

Bvuto laciwiri linatsala, ndipo linali loopsya koposa. Makaiti a zaka zimenezo, ena a zingwe ziwiri zokha, analibe njira yeni-yeni yotayira mphamvu. Anthu ambiri anali kuganiza kuti mphepo ikakula kawiri kukoka kumakulanso kawiri. Si momwemo. Mphepo ikakula kawiri, kukoka kumakula kanai. Mphepo ya makilomita 20 pa ora ikangokwera kufika 28, kaiti yayamba kale kukoka kawiri kuposa poyamba, munthu asanazindikire kuti nyengo yasintha. Amuna a ku migodi amene amadziwa kulemera kumene cingwe ca kheji cimanyamula akhoza kulingalira za munthu womangirira m'cuuno ku cingwe cimene katundu wace amacuruka yekha m'kuphethira kwa diso. Ambiri anakwekwerezedwa pa mcenga, ena ananyamulidwa nagundidwa ku mitengo ndi ku nyumba. M'caka ca 2002, pa mpikisano wa ku Zingst, ku Germany, zingwe za Silke Gorldt, mmodzi wa akazi odziwa koposa masewerawa, zinakolana ndi za kaiti ya munthu wina. Makaiti awiri anamkoka pamodzi, iye sanathe kudzimasula, nafa. Imfa yace inagwedeza opanga makaiti, ndipo kuyambira pamenepo analimbikira kuika pa lamba comasulira cimene munthu amangokankha ndi dzanja limodzi ngakhale cingwe ciri cokungika.

Cothetsa nkhani cinadza m'caka ca 2005, kucokeranso m'mutu wa Bruno Legaignoux: kaiti yophwatalala, yochedwa bow kite, yokhala ndi timizere tambiri ku mphuno yace. Wokwera akakankhira ndodo kutali ndi thupi lace, kaiti imagona, mphepo nipita pansi pace, ndipo kukoka kumatsala pang'ono kutheratu. Ndi nzeru ija ya mphunzitsi wa ku Bristol, yobwera kaciwiri patapita zaka 179. Pambuyo pace panadza mitundu ina yofanana nayo, yochedwa delta ndi hybrid. M'caka ca 2024 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympic ku Marseille, kumene Ellie Aldridge wa ku Britain anapambana pa akazi, ndi Valentin Bontus wa ku Austria pa amuna.

Tsono wophunzira wa lero akaimirira m'sitolo, mbiri imeneyi ndiyo imamsankhira. Mtundu wa kaiti yace ukhale wa bow, delta kapena hybrid, wopopa, wa zingwe zinai, wokhala ndi comasulira cogwira nchito. Mtundu wakale wopindika ngati cilembo ca C ndi wa akatswiri odumpha, ndipo umabvuta kudzutsa pa madzi. Makaiti a mipikisano ya liwiro, amene alibe cubu, si a munthu woti adzagwetsa kaiti yace m'madzi kambiri-mbiri tsiku loyamba. Kaiti yogwirapo kale nchito iribe cilema ngati nsaru ndi zingwe ziri zolimba, koma ya m'zaka za 2005 isanafike, ngakhale mwini wace aipereke ulere, ndi yoyenera kupacikidwa pa khoma monga mfuti ya gogodela.

Kukula kwa kaiti kumayesedwa ndi masikweya mita, ndipo nambala yace imalembedwa pa phiko. Kaiti ya 12 ndi nsaru yokwana kuyala pansi m'cipinda ca mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali. Zinthu ziwiri ndizo zimalamula nambalayo: kulemera kwa munthu ndi mphamvu ya mphepo ya kumene adzasewera. Okwera ali ndi masamu ao ongoyerekezera: kulemera kwa munthu m'makilogalamu kucurukitsidwe ndi 4, ndipo zotsatirazo zigawidwe ndi liwiro la mphepo m'makilomita pa ora. Mwamuna wa makilogalamu 75 pa mphepo ya makilomita 25 adzapeza 12; mlongo wace wa makilogalamu 55 pa mphepo yomweyo adzapeza 9. Mphepo ikafika 33, mwamuna uja atsike nayenso pa 9. Ku Bloubergstrand, pafupi ndi Cape Town, kumene mphepo ya kum'mwera ca kum'mawa imaomba koopsya kuyambira November kufikira March, anthu olemera comweco amaulutsa 7 kapena yocepera apo. Ndico cifukwa cace okwera ozolowera amakhala ndi makaiti awiri kapena atatu, kawiri-kawiri 9 ndi 12. Wa ndalama zokwanira imodzi yokha agule yoyenera mphepo imene imaomba masiku ambiri kwao, ndipo akakayika pakati pa manambala awiri atenge yaing'ono. Kaiti yocepa imangomkhazika munthu m'madzi ali wokwiya. Yokulitsa imamtengera ku cipatala.

Pali cinyengo cimodzi cimene cimakola ambiri. Poopa mphepo yaukali, wophunzira amaganiza zogula kaiti yaikulu kwambiri, ya 15 kapena 17, kuti azisewera mphepo iri yocepa. Koma kaiti yotere ndi yolemera, imacedwa kutembenuka, imagwa mphepo ikapuma, ndipo ikadzuka mphepo ya dzidzidzi munthu amapezeka atamangirira ku cinsaru coposa msinkhu wace. Aphunzitsi amakonda mphepo ya pakati, ya makilomita 22 kufikira 33, yoomba mopendekera ku gombe. Yoomba kucokera ku mtunda kunka pakati pa nyanja amaikana ndithu, pakuti imene ija siibweza munthu. Aphunzitsi omwewo amabwereketsa makaiti ao pa masiku oyamba, kotero kuti wanzeru amagula ataphunzira, osati asanaphunzire.

Ku Chongwe kulibe nyanja. Madamu a m'mafamu ndi ang'ono, ozingidwa ndi mitengo imene imaphwanya mphepo, ndipo mtsinje wa Chongwe kumene umathira mu Zambezi uli ndi eni ace, mvuu ndi ng'ona. Madzi otakata ali ku Kariba, kumenenso ng'ona sizisowa, ndi ku nyanja ya Malawi m'miyezi ya mwera. Komanso dera la Chongwe liri pamwamba, mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, kumene mpweya ndi wopepuka ndi gawo ngati limodzi mwa magawo khumi. Kaiti yomweyo, pa mphepo ya liwiro lomwelo, idzakoka molimba ikafika ku gombe la Cape Town kuposa m'mene inali kukokera kumudzi.

Cimene Chongwe ali naco ndi mphepo ya August ndi mabwalo a mpira, ndipo pa kaiti yoyamba yeni-yeni zimenezi ndi zokwanira. Kaitiyo ndi yophunzirira, ya masikweya mita 2 kapena 3, yosaposa bulangeti, imene munthu amaulutsa ataimirira pa mtunda kufikira manja ace adziwa okha pamene kaiti imakoka ndi pamene imapuma: pamwamba pa mutu ndi m'mbali imakhala yofatsa, koma ikadzera pakati, kumene mphepo ikulowera, imadzidzimutsa ngakhale munthu wamkulu. Bwalo likhale lakutali ndi mawaya a ZESCO, ndiponso lakutali ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lomweli. M'mwezi wa October akabvumvulu amayamba kuzungulira m'minda yopanda kanthu, ndipo pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II isonkhanitsa Asoli pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, mitambo ya ziphaliwali imakhala iri pafupi. Pamenepo kaiti imapindidwa, niikidwa m'thumba pouma, kumene makoswe sangafike, kudikira August wina.