Viza ya Mlendo ndi Mafunso a ku Ofesi ya Kazembe: Zoyenera Kudziwa Musanalipire

Kawirikawiri ku maofesi a maparishi athu kumafika akhristu opempha kalata ya bambo mfumu yoti apite nayo ku ofesi ya kazembe. Ena aitanidwa ndi mwana wawo kuti akaone mdzukulu kunja, ena akufuna kukakhala nawo pa ukwati kapena pa mwambo wotsiriza maphunziro, pamene ena ali pa gulu lopita ku malo oyera ku Roma, ku Lourdes kapena ku Fatima. Ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti kalata yokhala ndi chidindo cha parishi ndiyo imatsegula chitseko. Poti akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndiwo amayamba kufunsidwa za nkhaniyi, taona kuti n'kwabwino tilongosole pano momwe zinthu zimayendera.

Kodi viza n'chiyani?

Pasipoti ndi chiphaso chimene boma lanu limakupatsani. Viza ndi chilolezo chochokera ku dziko limene mukufuna kupitako, ndipo imamatidwa m'kati mwa pasipotiyo. Mmalawi wokacheza kwa masiku ochepa ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania, ku Zimbabwe kapena ku South Africa sasowa kukhala ndi viza. Koma wopita ku America, ku Britain ndi ku mayiko ambiri a ku Ulaya ayenera kuipeza asananyamuke.

Viza ya mlendo ndi ya munthu wopita kwa kanthawi: kukacheza, kukaona malo, kukalandira chithandizo cha kuchipatala kapena kukakhala nawo pa msonkhano. Siilola munthu kugwira ntchito, ngakhale ganyu ya tsiku limodzi. Wansembe, sisitere kapena katekisiti amene akupita kukatumikira pa parishi ya ku America kwa nthawi yaitali amafunika viza ya mtundu wina, yotchedwa R-1. Tidziwenso kuti viza imangomufikitsa munthu pakhomo. Amene amanena kuti lowani, ndi kuika tsiku loti mutuluke, ndi mkulu woona za olowa ndi otuluka pa bwalo la ndege la dzikolo.

Za ku America: yambani mwamva izi

Pa mayiko onse amene anthu athu amapitako, America ndiyo imadziwika ndi mafunso a maso ndi maso. Koma malamulo ake okhudza Amalawi anasintha kwambiri m'chaka cha 2025, ndipo munthu wosadziwa angathe kutaya ndalama zake pachabe.

Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zake zinayamba kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 zisanalandire viza ya mlendo, imene imatchedwa B-1/B-2. Chikolecho amabweza munthu akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Chifukwa chimene boma la America linapereka n'chakuti alendo ambiri amakhalitsa kupitirira masiku amene anapatsidwa: malinga ndi kuwerengera kwawo, m'chaka cha 2023 Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 alionse olowa ndi viza imeneyi sanatuluke pa nthawi yake. Kenaka pa 16 Disembala 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina chilengezo chimene chinaika Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi mayiko ena pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zinaimitsidwa kulandira viza ya mlendo ndi ya maphunziro kuyambira pa 1 Januwale 2026. Chilengezocho chinapatula magulu ochepa okha, ndipo sichinakhudze amene anali kale ndi viza yogwira ntchito pa tsikulo.

Choncho, musanadzaze fomu kapena kulipira kalikonse, werengani tsamba la pa intaneti la ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kuti muone lamulo limene likugwira ntchito tsiku limenelo. Ndalama yofunsira viza sabweza, kaya mwapatsidwa kaya mwakanidwa. Ndipo munthu aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama ya chikole kuti akakulipirireni ndi wakuba: chikole chimalipiridwa pa tsamba la boma la America lokha, ndipo pokhapokha wofunsa mafunso atakuuzani kutero.

Ngakhale zili choncho, tilongosolabe ndondomeko ya ku America mwatsatanetsatane, chifukwa malamulo otere amasintha, komanso maganizo amene ali kuseri kwa mafunso ake ndi omwewo a mayiko ena onse.

Fomu ndi ndalama

Wopempha amadzaza fomu ya pa intaneti yotchedwa DS-160, m'Chingerezi. Imafunsa za banja, ntchito, maphunziro, maulendo akale, abale amene ali ku America, amene alipire ulendo, komanso, kuyambira mu 2019, mayina amene munthu wagwiritsa ntchito pa Facebook ndi masamba ena a mchezo m'zaka zisanu zapitazo. Ndalama yofunsira inakwera kufika pa madola 185 mu Juni 2023. Pasipoti iyenera kukhala yogwirabe ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi kupitirira tsiku lobwerera. Chithunzi chikhale chatsopano, chojambulidwa pa khoma loyera, popanda magalasi a m'maso. Chovala cha kumutu chovalidwa pa chifukwa cha chipembedzo, monga cha masisitere, n'chololedwa malinga nkhope yonse ikuoneka.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje. Munthu amapereka pasipoti kwa mnyamata wa pa kompyuta kapena kwa dobadoba wodzitcha katswiri wa maviza, iyeyo n'kulemba zimene akuganiza kuti zisangalatsa a kazembe: amuwonjezera malipiro, amupatsa ntchito imene alibe, abisa m'bale amene ali ku America. Mwini wake sawerenga n'komwe. Tsiku la mafunso, wofunsayo akuwerenga fomu pa kompyuta pamene wofunsidwa akuyankha zina. Kuthandizidwa podzaza fomu si kulakwa, ndipo fomuyo ili ndi malo olembapo dzina la wothandizayo. Koma chilichonse cholembedwamo chimawerengedwa kuti mwanena ndinu. Akuwerengereni mzere uliwonse, akumasulireni m'Chichewa ngati n'kofunika, isanatumizidwe.

Tsiku la mafunso

Mafoni ndi zikwama zazikulu saloledwa kulowa nazo, choncho konzeranitu kokazisiya. Mukalowa amaona mapepala, amatenga zidindo za zala zonse khumi, kenaka mumaitanidwa pa windo. Mumayankha muli chiimire, wofunsayo ali kuseri kwa galasi, ndipo kawirikawiri zonse zimatha m'mphindi zochepa chabe. Kuyambira mu Seputembala 2025 ngakhale ana aang'ono ndi okalamba, amene kale sankafunsidwa, anayamba kuyenera kukaonekera, ndipo munthu amafunsira m'dziko la kwawo kapena limene amakhala.

Kuti timvetse mafunsowo tiyenera kudziwa lamulo limene lili pansi pake. Gawo 214(b) la lamulo la America loona za olowa m'dziko limati aliyense wopempha viza ya mlendo aganiziridwe kuti akufuna kukakhazikika komweko, kufikira iye mwini atakhutiritsa wofunsayo kuti sizili choncho. Mwa mawu ena, mlandu umayamba utakupendekerani kale. Si kuti wofunsayo ndi wankhanza kapena wakuderani. Lamulo ndilo limamuuza kuyambira pamenepo. Ndiye ngakhale mafunso atakhala asanu kapena khumi, funso lenileni ndi limodzi: kodi munthu uyu adzabwerera kwawo?

Adzafunsa chimene mukupitira, kumene mukakhale, masiku amene mukakhale, amene alipire, ntchito imene mumagwira, ndi amene mukuwasiya kunyumba. Yankho labwino ndi lalifupi, loona ndiponso logwirika. Mayi wonena kuti akupita ku mwambo wa mwana wawo wotsiriza maphunziro pa tsiku lakuti, akakhala milungu itatu, ndipo ayenera kubwerera sukulu imene amaphunzitsa isanatsegulidwe, wayankha zonse m'mpweya umodzi. Wonena kuti akungofuna kukaona kunja ndipo za kubwera adzaona komweko, wadzikaniza yekha. Mlimi asachite manyazi ndi ulimi wake. Munda, ziweto, golosale, ana a pasukulu, makolo okalamba amene mumawasamala, udindo umene muli nawo m'mudzi kapena mu mpingo, zonsezi ndi zingwe zokukokerani kwanu, ndipo n'zimene wofunsayo akufuna kumva.

Chikhalidwe chathu chimativuta pang'ono pamalo amenewa. Tinaleredwa kuti pamaso pa wamkulu tiziweramitsa nkhope, tiziyamba ndi malonje, ndipo nkhani tiziizungulira tisanafike pa mutu wake. Ulemu umenewu ndi wabwino pabwalo la mfumu, koma pa windo lija nthawi ya malonje palibe, ndipo kuyang'ana pansi kungaoneke ngati kubisa kanthu. Yang'anani wofunsayo, yankhani chimene wafunsa, mukatero khalani chete. Ngati funso simunalimve, pemphani kuti alibwereze m'malo moyankha mongoganizira. Mayankho oloweza pamtima amadziwika msanga, chifukwa anthu amenewa amamva mawu omwewo tsiku ndi tsiku.

Nanga kalata ija? Boma la America limanena poyera kuti kalata yokuitanani kapena ya wokulipirirani si imodzi mwa zinthu zimene limayang'ana popereka kapena pokana viza ya mlendo. Tengani mapepala anu, monga kalata ya kuntchito ndi sitetimenti ya ku banki, koma musadabwe wofunsayo akapanda kutsegula n'limodzi lomwe. Musamukankhire mapepala asanawapemphe.

Za ku Roma ndi ku Ulaya

Wopita ku Vatican amalowera ku Italy, motero amafunika viza ya Schengen, imene imagwira ntchito m'mayiko 29 a ku Ulaya, kuphatikizapo France ndi Portugal. Britain ndi Ireland sali m'gululi. Viza imeneyi imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo imapemphedwa ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Gulu lokakhala sabata ku Roma ndi masiku awiri ku Lourdes lipempha ya Italy. Si dziko lililonse la ku Ulaya limene lili ndi kazembe ku Lilongwe; mwachitsanzo kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka. Mtsogoleri wa ulendo afufuziretu kumene mapepala akalandiridwe.

Ndalama yofunsira inafika pa mayuro 90 mu Juni 2024, ndi 45 kwa ana a zaka 6 mpaka 11. Pamafunika inshuwalansi ya zaumoyo ya mayuro 30,000 kapena kuposerapo, pasipoti yokhala ndi masamba awiri osalembedwa imene idzagwirabe ntchito miyezi itatu mutabwerako, umboni wa kogona, wa ulendo wa pandege ndi wa ndalama zokakuthandizani. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe kufika pa masiku 15 omaliza. Yankho limatuluka m'masiku 15, koma nthawi zina limafika masiku 45.

Kusiyana kwake ndi uku: America imamvera pakamwa, pamene Ulaya ndi Britain amawerenga mapepala, ndipo mafunso a maso ndi maso amabwera mwa apo ndi apo. Kumeneku ndiko kalata yokuitanani ndi kalata ya parishi zimakhala ndi ntchito. Sitetimenti ya ku banki amaiwerenga mosamala. Akaunti imene yakhala youma miyezi isanu, kenaka mwadzidzidzi n'kulowamo mamiliyoni kutatsala sabata imodzi, imadzinenera yokha kuti ndalamazo n'zobwereka. Ngati ulendo akulipira ndi mwana wanu kapena dayosizi, nenani zimenezo ndipo perekani umboni wake.

Za kalata za ku parishi, ife ansembe tikhoza kulemba chimene tikudziwa: kuti uyu ndi mkhristu wa parishi ino, ali ndi udindo wakuti, ndipo ali pa mndandanda wa ulendo wakuti. Sitingalembe kuti munthu ndi katekisiti kapena wa kwaya pamene sali, ngakhale atakhala mphwathu. Akatekisiti asavomere kuwonjezera dzina la munthu wosadziwika pa gulu la ulendo, kaya wabwera ndi mphatso yotani. Mmodzi akatsalira kunja, gulu la chaka chotsatira ndilo limalipira, chifukwa maofesi a kazembe amasunga mbiri ya amene anamulembera kalata.

Mukakanidwa

Ku America wokanidwa amalandira pepala lotchula gawo la lamulo. Likakhala 221(g), ndiye kuti pakusowa pepala lina kapena akufufuzabe, ndipo nkhani sinatsekedwe. Likakhala 214(b), apilo palibe, komabe si chiletso cha moyo wonse: mukhoza kupemphanso polipira mwatsopano, ngakhale kuti n'kutaya ndalama kubwererako msanga zinthu pa moyo wanu zisanasinthe. Wokanidwa viza ya Schengen amapatsidwa zifukwa zolembedwa, ndipo ali ndi ufulu wochita apilo m'nthawi imene yatchulidwa pa pepalalo. Pofunsiranso kwina kulikonse, fomu ikafunsa ngati munakanidwapo, vomerani.

Chilango cholemera chili pa bodza ndi pa kukhalitsa. Wogwidwa ndi mapepala achinyengo kapena wonama pa nkhani yaikulu akhoza kuletsedwa kulowa mu America moyo wake wonse, ndipo ku Britain kwa zaka 10. Wokhala mu America masiku opitirira 180 nthawi yake itatha amaletsedwa kubwererako kwa zaka 3, ndipo akapitirira chaka chathunthu, kwa zaka 10. Ku Ulaya, kuyambira mu Okutobala 2025, anayamba kulemba pa kompyuta tsiku lolowa ndi lotuluka la mlendo aliyense pamodzi ndi chithunzi ndi zidindo za zala zake. Tikiti ya ndege yosabwezeka musagule viza isanatuluke, ndipo ikatuluka, onani ngati dzina, nambala ya pasipoti ndi masiku zalembedwa molondola musanachoke pa ofesipo.