Fangayi Wodya Anzake

Masamba a nkhaka akayera ngati mwawaza ufa, mlimi amathamangira pampu ndi mankhwala. Akatswiri a matenda a mbewu ali ndi njira inanso: kutuma fangayi wina kukalimbana ndi fangayi amene wadwalitsa tsambalo. Fangayi ndi gulu la zamoyo mmene muli bowa, nkhungu ndi chuku. Ena ndi adani a mbewu, ena ndi adani a adaniwo, ndipo nkhondo yawo akatswiri amaigawa panayi.

Njira yoyamba ndi kudyana. M'chaka cha 1932, Richard Weindling adaonetsa kuti Trichoderma amazinga timaulusi ta fangayi mnzake n'kutiwononga. Ampelomyces quisqualis, amene amagulitsidwa pa dzina la AQ10, amalowa m'kati mwa nkhungu yoyera ija n'kumaidya mpaka italephera kubereka. Pa khofi, Lecanicillium lecanii amamera pa mawanga a matenda a dzimbiri n'kuwayeretsa mbee, akudya njere za matendawo.

Yachiwiri ndi kulanda malo. Tsamba lili ndi chakudya chochepa. Wofika msanga ndiye amadya, wochedwa n'kufa ndi njala. Aflasafe, mankhwala amene bungwe la IITA lidakonza pofuna kuchepetsa chuku cha poizoni pa chimanga ndi mtedza, amagwiranso ntchito mwa njira yomweyi. Yachitatu ndi kutulutsa madzi a ululu oletsa mdani kukula. Yachinayi ndi kudzutsa chitetezo: mbewu ikakhudzana ndi Trichoderma, ngakhale ku mizu kokha, imakhala tcheru, ndipo masamba ake salola matenda msanga.

Chimene chimasiyanitsa zonsezi ndi mankhwala wamba ophera fangayi monga Dithane n'chakuti mankhwala a fangayi wothandizayu ndi amoyo. Pa paketi amalemba kuchuluka kwa njere zamoyo pa galamu iliyonse. Njerezo zimafa paketi ikasiyidwa padzuwa, zimafanso zikasakanizidwa ndi mankhwala ena ophera fangayi m'pampu imodzi. Zimafuna chinyezi kuti zimere, n'chifukwa chake amapopera madzulo kapena m'mamawa. Koma walira mvula walira matope: chinyezi chomwecho chimakondweretsanso matenda ambiri a masamba.

Tsono nthawi ndiyo imaweruza mlandu. Fangayi wothandiza amagwira ntchito akapoperedwa matenda asanafike, kapena mawanga akangoyamba kuoneka, ndipo kupoperako kumafunika kubwereza. Munda ukapsa kale ndi chiwawu, sangaudzutse. Mlimi wofuna njirayi ayenera kuzolowera kuyendera munda wake ndi kutembenuza masamba, chifukwa matenda ambiri amayambira kunsi kwa tsamba.