Lamba wa wotchi ndi amisiri a pakhonde ku Thyolo

Tiyi anafika ku Thyolo atazika kale mizu ku Mulanje, kumene Henry Brown anamubzala cha m'ma 1891. Ku Thyolo anayambira pa esiteti ya Bandanga mu 1908, chaka chomwe njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre. Pambuyo pake Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, banja la Conforzi lochokera ku Italy nalonso linatenga malo ake. Mbewuyi inabwera ndi mawerengedwe a nthawi achilendo m'midzi. Tsamba likathyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo lisanatenthe m'dengu, ndipo kulifotetsa, kulipera ndi kuliumitsa zonse zimayendera maola ndi mphindi. Komatu wotchi inali ku ofesi ndi pamkono pa mzungu. Wothyola tiyi, amene nthawi zambiri anali Mlomwe wochokera ku Mozambique, ankangomva belu ndi mawu a kapitawo, masiku ake n'kumalembedwa pa tikiti ndi dzanja la wina. Pansi pa thangata, amene anathetsedwa mu 1962, mwezi wogwirira malo unkatha pamene mwini esiteti wavomera kuti watha. Mbiri imeneyi imathandiza kumvetsa luso lokonza mawotchi m'bomali, ndipo ine ndikuti mmisiri wa pakhonde ali woyenera kugwira lamba wa wotchi iliyonse, ngakhale yodula kwambiri, malinga akudziwa polekezera.

Munthu wakuda atayamba kuvala wotchi sikunali kudzikongoletsa chabe. Oyamba anali akalaliki, akapitawo ndi aphunzitsi a ku mishoni ngati Malamulo ya ku Makwasa, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902. Kenaka anabwera amene anapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, nabwerako ndi njinga, suti ndi wotchi. Njira ya Wenela inatsekedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma mawotchi amene anali atalowa kale anatsala m'mabanja, ena n'kukhala chuma chamasiye. Mawotchi ngati Seiko 5, imene inatuluka mu 1963 ndipo imadzipatsa mphamvu mkono ukamagwedezeka, sankafuna batire. Lamba wachikopa sakhalitsa m'dera la mvula yambiri ndi chiperoni, amaola ndi thukuta, choncho wachitsulo ndiye ankakondedwa. Akaduka panalibe woganiza zotumiza wotchi ku Switzerland kapena ku Japan. Inkapita pakhonde la sitolo pa boma, pa Luchenza, pa Bvumbwe, ikavuta ku Limbe, kwa munthu wa kathebulo kagalasi ndi kabokosi ka mawotchi akufa kochotsamo zipangizo.

Ntchitoyo tiimvetse bwino, chifukwa ambiri oinyoza saidziwa. Lamba wachitsulo ndi timagawo tolumikizidwa ndi timapini kapena timasikuluwu, loko wotsekera, ndi timipiringidzo tiwiri ta sipuling'i tomangirira lambayo ku wotchi. Chitsulo chenichenicho sichithyoka wambawamba. Chimene chimachitika n'chakuti fumbi losakanikirana ndi thukuta limalowa m'mfundo, ndipo mkono ukamayenda limanola timapini pang'onopang'ono, mabowo n'kumakula. Lamba amayamba kulendewera, mwini wake n'kumati watamuka, pamene wangodyeka m'kati. Dothi lofiira la ku Thyolo silichedwa pa ntchito imeneyi. Tsiku lina pini amathyoka, kapena kampiringidzo kadzimbiri kamafwamphuka, wotchi n'kugwa. Kukonza kwake ndi kutulutsa pini wakufayo motsata kamuvi kolembedwa kuseri kwa lamba, kuyeza makulidwe ake, kulowetsa wina wofanana, kuwongola lilime la loko ngati lapindika, ndi kutsuka mfundo zonse. Zimafuna diso, dzanja losanjenjemera ndi kuleza mtima, ndipo zimenezi sizigulidwa ku Geneva.

Wina anena kuti wotchi yodula ndi nkhani ina, ndipo sakunama kwenikweni. Lamba wa Jubilee, amene Rolex anatulutsa mu 1945, kapena wa Oyster, ndi gawo lalikulu la mtengo wa wotchiyo, ndipo ogula mawotchi akale amayang'anitsitsa ngati kagawo kalikonse ndi kenikeni. Mmisiri wosasamala akhoza kulowetsa msomali m'malo mwa pini, kukanda mutu wa sikuluwu, kupaka guluu, kuwotcherera ndi moto wosiya chitsulo chitada, kapena kupukuta lamba mpaka m'mbali mwake mutafafanizika. Zimenezi zimachitikadi, ndipo zina sizibwezeka. Koma onani kuti zonsezi ndi zolakwa za munthu wodumpha malire a luso lake. Kusintha pini kapena kampiringidzo n'kumodzi pa wotchi yotchipa ndi pa yodula, chifukwa kamangidwe ka lamba sikasiyana kwenikweni. Pamene kagawo ka golide kang'ambika, kapena mabowo akula mofunika kuwadzaza chitsulo chatsopano ndi makina a laser, mmisiri woona amabweza wotchiyo nanena kuti ipite ku Johannesburg. Kukana kotereku nakonso ndi luso. Ndipo kunena kuti chinthu chodula chisagwiridwe ndi mmisiri wakuno ndi kubwezera maganizo a pa esiteti yakale, akuti wotchi ndi ya ku ofesi, wakuda angomvera belu. Manja amene akhala akukonza makina a m'mafakitale a tiyi kwa zaka zambirimbiri ndi a anthu omwewa.

Enanso amati nkhaniyi yatha ntchito. Seiko atatulutsa wotchi ya batire ya quartz mu 1969, mitengo inayamba kugwa, kufikira pamene Casio F-91W ya 1989 ndi zinzake zapulasitiki zinakhala zotchipa moti munthu amangogula ina. Foni zam'manja zitalowa m'dziko muno cha m'ma 1995, nthawi inasamukira m'thumba. N'zoona kuti timathebulo tija tachepa, ndipo ambiri mwa eni ake anatembenukira ku mafoni. Koma zimene zinasiya kufika kwa mmisiri ndi wotchi zotaya. Zimene zatsala ndi zija zosatayika, ya bambo yochokera ku migodi, ya mphatso yopumira pantchito, ndi zakale zabwino zotuluka m'kaunjika zili ndi lamba wosakwana mkono. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuchotsa kagawo popanda kukanda chitsulo. Chimene chikumusowa mmisiri wa ku Thyolo ndi timapini ta miyeso yosiyanasiyana, zomasulira zazing'ono zosaphwanya sikuluwu, ndi mwana wophunzira pambali pake. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule maluso a manja, likhoza kuyambira pamenepo, powapeza amisiri otsalawo ndi kuwapatsa achinyamata oti awaphunzitse maso awo asanachite mdima.