Rikidozan, Ngwazi Yobisa Kwawo

Dziko la Japan litagonja pa nkhondo mu 1945, anthu ake anatsala osweka mitima. Amene anawadzutsa anali Rikidozan, katswiri wa masewera ogwetsana. Iye analeka sumo mu 1950, ndipo mu 1954 makamu anadzaza misewu ya Tokyo kumuonerera pa wailesi yakanema akulimbana ndi azungu awiri apachibale, a Sharpe.

Komatu ngwaziyi inali ndi chinsinsi. Inabadwira ku Korea mu 1924, pakati pa mtundu umene Ajapani ankaupeputsa, motero dzina lake lenileni, Kim Sin-rak, inalibisa.

Mu Disembala 1963 chigawenga chinambaya ndi mpeni, namwalira patapita mlungu umodzi, ali ndi zaka 39. Ophunzira ake, Giant Baba ndi Antonio Inoki, ndiwo anapitiriza ntchitoyo.